Chidendene cha a Yotamu

A Yotamu Mwale tinawaika m'manda chilimwe chapitachi, ndipo ndiulule ndisanapite patali: pamene abusa ankapemphera, diso langa limodzi linali pa wilibala yawo. Inali itatsamira khoma la nyumba, tayala lake likadali ndi moyo. Ndi matenda a ntchito yathu amenewa. Ife mavenda tikaona chitsulo, mtima umayamba wokha kutchula mtengo ngakhale pakamwa pali nyimbo ya maliro. Ndine Lakisoni, wogula chilichonse chimene mwini wake watopa nacho: mbuzi, fodya wotsalira m'zigafa, zitsulo zakutha. Kuchokera pa Mtunthama mpaka ku Lisasadzi ndimadziwika kuti sindidzuka pa mpando wa munthu chimanjamanja. Mkulu mmodzi yekha ndiye anandidzutsa chimanjamanja chaka ndi chaka, osakweza mawu n'kamodzi komwe, ine n'kumachita kuthokoza potsanzika.

Chimene tinkalimbirana chinali bwalo la ndege. Musaganize za phula ndi magalasi ayi. Unali mzere wa udzu chabe, wowongoka ngati chingwe, pakati pa minda ya esiteti ina yakale ya fodya cha ku Lisasadzi. Ndege yomaliza inanyamuka pamenepo ine ndisanamere ndevu. Esiteti inagwa, minda inadulidwadulidwa n'kugulitsidwa, mabalani anagumuka, koma a Yotamu anapitiriza kutchetcha bwalolo ngati kuti mawa m'mawa kubwera alendo. Pepala la malowo analibe. Anali ndi chikwakwa, wilibala, nsalu ziwiri zoyera ndi chidendene chawo cha kumanja. Ndi zida zimenezi anatchinjiriza malo amene alimi a dera lonse ankamezera malovu, nthaka yogona zaka zonsezo osalawa khasu.

Kampani ya ndege zija inali ndi dzina lalitali la Chingerezi limene palibe amene ankavutika nalo. Anthu ankangoti Akakowa, chifukwa ndege zake zinali zoyera, za miyendo yoonda, ndipo zinkakonda kutera pafupi ndi ng'ombe. Sizinali ndege za tikiti. Zinali za hayala, monga muchitira ndi lole. Kampaniyo inayamba ndi ndege imodzi ya mzungu wina wa ndevu zofiira amene anthu anamutcha Mandevu. Iye yemweyo ndiye anali mwini, woyendetsa, makaniko ndi kalaliki. Fodya atayamba kulipira bwino ndege zinafika zitatu. Zinkanyamula eni maesiteti othamangira ku okushoni, zitsulo za thirakitala yofa pakati pa ntchito, anapiye m'makatoni, alendo okaona njovu ku nkhalango, ndipo mwa apo ndi apo bokosi la maliro. M'dzinja, misewu ikasanduka phala, Kakowa ndiye anali msewu.

Ntchito ya a Yotamu inali yoti ndege ikafika ipeze pansi pali bwino. Wayilesi inali ku ofesi ya manijala, kutali ndi bwalo, choncho woyendetsa ndege ndi mlonda wa bwalo ankalankhulana ndi nsalu. Ndege ikafika inkayamba yazungulira chapansipansi. Nsalu ziwiri zija zikayalidwa motsatana, chowongoka, ndiye kuti tera. Zikayalidwa mopingasana ngati mtanda, ndiye kuti bwerera, usayese. Chogamula pakati pa mzere ndi mtanda chinali chidendene. M'mawa uliwonse a Yotamu ankavula nsapato n'kuyenda bwalo lonse, kupita mbali ino, kubwerera mbali inayo, akudinda pansi pa masitepe khumi alionse. Ankati pamene chidendene chalowa, tayala la ndege lilowanso, ndipo ndege ikakodwa mwendo ikuthamanga imagwa chadodolido.

Chizolowezi chimenechi sichinawachoke. Ankadinda paliponse: pabwalo la tchalitchi, pa chigayo, ngakhale kumanda adzukulu asanayambe kukumba. Tsiku lina anaima pakhomo pa kashedi kanga, anadinda kawiri, n'kupukusa mutu kuti pano sipangatere ngakhale njinga yakapalasa. Asanakupatseni moni ankayamba ayang'ana kumwamba, kenako utsi wa pa nyumba yapafupi kuti aone kolowera mphepo, ndiye pomaliza inu. Ankakonda kunena kuti kumwamba kulibe ngozi, ngozi imakhala pansi kudikira. Ankanenanso kuti chiswe sichidziwa Lamulungu, n'chifukwa chake pochoka ku mapemphero ankadzera pa bwalo, jekete lili paphewa, kukagumula tichulu tomera usiku umodzi. Ndipo munthu aliyense wokonda mawu oti "mwina", iwo ankati ameneyo asadzapatsidwe nsalu.

Ndinawadziwa chifukwa cha makwerero. Ndinamva kuti kuli mkulu wina akusunga timakwerero ta ndege, pampu yopopera mafuta ndi mzati wautali wachitsulo. Ndinakwera njinga yanga yamoto ndikuwerengera phindu m'njira. Ndinawapeza akunola chikwakwa. Nditatha moni, ndinayamba monga timayambira tonse, kunyoza katundu.

"Madala, makwerero awa akungodyedwa ndi dzimbiri. Ndikuthandizeni kuwachotsa."

"Aluminiyamu sachita dzimbiri, a Venda. Mwabwera kudzagula chinthu chimene simukuchidziwa?"

"Chabwino. Koma mukukwerera chiyani?"

"Nanga alendo akafika adumphe?"

"Alendo ake ati, madala?"

"Amene inu simunawaone."

Ndinatulutsa ndalama n'kuziyala pa bondo kuti ziwayang'ane. Iwo anayang'ana kumwamba. Ndinakweza mtengo. Anandifunsa ngati makolo anga ali moyo. Pomaliza ndinatulutsa chida chathu chachikulu, kudzuka ngati wakwiya. Ndinaliza njinga n'kuyamba kupita pang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo. Sindinafike patali.

"A Venda, tabwererani."

Mtima unati myaa. Ndinatembenuka ndikubisa mano.

"Mwadutsa pa bwalo ndi njinga. Taonani mzere mwasiyawo. Nali khasu."

Ndinathera masana onse ndikufafaniza mapazi a tayala langa, iwo akundilondola m'mbuyo n'kumadinda ngati ndatsendera bwino. Ndinabwerera kwathu ndi matuza m'manja ndi zinangwa ziwiri zimene anandipatsa. Ndinadziuza kuti ndidzabweranso nditakonzeka bwino. Ndinabweradi, kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkapezeka ndagwira ntchito.

Anali munthu wa mikangano, koma mikangano yake inali ndi malamulo. Amayi ankawalola kuyanika ufa kumtunda kwa bwalo chifukwa akamachoka ankasesa. A mpira ankawalola kusewera, bola akwirire maenje a magoli dzuwa lisanalowe. Eni ng'ombe ndiwo anali adani awo enieni, chifukwa ziboda zimaboola nthaka yonyowa. Munthu wina atabwera kudzaphunzitsa mkazi wake galimoto, a Yotamu anakhala pansi pakati pa bwalo mpaka galimotoyo inabwerera chambuyo. Koma mkangano wokoma unali wa iwo ndi a Saidi, telala wa pa sitolo. Pamwamba pa mzati uja pankakhala thumba lalitali loonetsa kolowera mphepo, limene anthu ankalitcha sokosi. Lenileni linang'ambika kalekale, ndiye chaka chilichonse a Saidi ankasoka lina ndi matumba a feteleza. Chaka chilichonse a Yotamu ankalikana.

"Uwu ndi mwendo wa buluku, a Saidi. Ndati kukamwa kukule, kumchira kuchepe."

"Mphepo yake yadandaula?"

"Payiloti akaona chimenechi ayesa tayanika zovala."

"Payiloti akabwera mudzanditumizire, ndidzamuyeze yekha."

Akatero a Saidi ankasula ulusi n'kusokanso, akung'ung'udza kuti Mulungu anawapatsa kasitomala mmodzi wosakalamba. Ndipo akamaliza ankanyamula okha sokosiyo kukathandiza kuikweza pa mzati.

Nkhani inafika povuta pamene a Gondwe, mlimi wa ku Kaluluma, anagula chigawo cha esiteti chimene munali bwalolo. Anali ndi mapepala onse. Akanafuna akanabwera ndi thirakitala m'mawa umodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anali mkulu wa mpingo, ndipo sanafune kutchuka kuti ndi amene anakoka nkhalamba pa udzu. Anandiitana ine.

"Iwe Lakisoni, akuti pakamwa pako pamagwetsa mbuzi pa mtengo. Pita ukalankhule ndi adada aja. Ndiwamangira nyumba ya malata pafupi ndi sitolo, ndiwapatsanso dimba. Chaka chino ndikufuna mizere pamenepaja."

Anandilonjeza kangachepe. Ndinavomera msanga, chifukwa ndinaona kuti nthawi yobweza chipongwe cha makwerero yakwana.

Ndinapita mvula itagwa masiku awiri otsatizana. Ndinayala nkhani yonse bwinobwino, nyumba, malata, dimba, kuyandikira chipatala. Ndinawonjezera ndi zenera lagalasi limene a Gondwe sanatchule. A Yotamu anamvetsera mpaka ndinauma kukhosi. Kenako anati, "Vulani nsapato."

Tinayenda bwalo lonse, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikudumpha minga imene kunalibe. Kumunsi kwenikweni, kumene bwalo limatsetserekera ku dambo, anaima.

"Dindani apa."

Ndinadinda. Chidendene chinabwerera ngati ndamenya simenti. Uku ndi uku, m'minda, madzi anali ndendende m'makwawa, koma pamene tinaimapo panali gwa.

"Apa panali lowe," anatero. "Khalani pansi, a Venda. Ndikuuzeni mtengo wake, poti mumakonda mitengo."

Anandiuza kuti akazi awo, a Nabanda, anali ndi pakati poyamba. Matenda anayamba dzulo lake, ndipo pofika m'mawa azamba a m'mudzi anagwetsa manja kuti izi n'za kuchipatala. Mvula inali itagwa masiku atatu, mlatho wa njira yachidule utakokoloka. Manijala anaimba wayilesi, Mandevu anayankha kuti akubwera, za hayala osatchula n'komwe. Anthu anawanyamula a Nabanda pa chitseko n'kuwagoneka pansi pa mtengo wa muwanga, m'mbali mwa bwalo, kuti ndege ikangoima alowe.

A Yotamu anali atayenda kale bwalolo m'mawa. Kumtunda kunali bwino. Kumunsi chidendene chinalowa mpaka mu akakolo. Anayendanso dzuwa lili pamutu, chinalowanso. Atamva injini kutali anathamanga kukadinda kachitatu, ngati kuti nthaka ingamve chisoni. Bwalolo linali lalifupi, ndipo ndege inkafunika kumunsi komweko kuti imalize liwiro ndi kutembenuka.

"Ndinabwerera pa nsalu ndikuthamanga," anatero. "Ndinapeza apongozi anga atayala kale okha, chowongoka. Mukudziwa inu, a Venda, munthu ndi apongozi ake aakazi. Chikwatirire ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Tikakumana pa njira ndinkalowa m'tchire. Tsiku limenelo ndinawalanda nsalu m'manja. Anagwira, ndinakoka, anagwa pansi. Ndinayala mtanda n'kuimapo."

Ndege inazungulira katatu, ulendo uliwonse ikutsikira pansi, mpaka anaona ndevu za Mandevu pa zenera. Anthu ankakuwa, ena ankakodola ndege ndi manja, amuna awiri anabwera kudzawakankha, iwo anagwada pa nsalu n'kuigwira ndi manja onse. Kenako ndege inapendeketsa mapiko n'kulowera kummwera.

"Nanga a Nabanda anati chiyani?" ndinafunsa.

"Sanandiyang'ane. Ankayang'ana ndege mpaka inasowa."

Anawakweza pa ngolo ya thirakitala n'kudzera njira yozungulira. Mwana anabadwira m'njira, wamkazi, wamoyo. Amake ku chipatala sanafike.

Patapita masiku, nthaka itauma pang'ono, Mandevu anatera. Sanapite ku ofesi. Anayenda ndi a Yotamu mpaka kumunsi, anaponda ndi jombo yake, jombo inalowa. Anavula chipewa n'kuima nthawi yaitali. "Sanandiuze kuti ndinachita bwino, nanenso sindinamufunse," anatero a Yotamu. Ulendo wotsatira Mandevu anatsitsa wilibala m'ndege n'kuwasiyira pa udzu. Kuyambira pamenepo a Yotamu anayamba kututa timiyala ku mtsinje ndi dothi la pachulu, wilibala imodzi kapena ziwiri pa tsiku, kuthira pa lowe paja, kutsendera ndi chipika, kukumba ngalande uku ndi uku. Palibe amene anawatuma. Sanasiye.

Kampani ija inatha monga umathera mchere m'nyumba, osadziwa tsiku lake. Phula linafika, eni maesiteti anagula magalimoto othamanga. Mafuta a ndege anayamba kusowa. Fodya naye anayamba kulowa pansi. Ndege imodzi inagulitsidwa kunja, yachiwiri inaphwasulidwa kuti ichiritse yachitatu. Yachitatuyo inabwera tsiku lina kudzatenga manijala womaliza ndi masutikesi ake. Mandevu, ndevu zitayera, anawagwira chanza a Yotamu n'kuwauza kuti asamale bwalo. Kalata yothetsa ntchito sinabwere. Patapita zaka, dalaivala wina wa lole ndiye anawauza kuti pamene panali ofesi ya Akakowa m'tauni pakugulitsidwa matailosi.

Ndinayesa kubwerera pa ntchito imene ananditumira, ngakhale mawu ankatuluka opanda mafupa. "Komatu madala, ndege sidzabweranso."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti madzi ndi onyowa.

"Mukuyesa ndine wamisala, a Venda? Mandevu anamwalira kwawo, ndinamva. Sindidikira ndege ine. Ndimangofuna kuti tsiku lililonse ndikadzuka, ndikayenda, ndipeze kuti lero ndikhoza kuyala chowongoka. Basi. Tsono kauzeni a Gondwe kuti nyumba ya malata ndayamika. Koma m'mawa ndizikadinda pati?"

Ndinavala nsapato zanga mosinthanitsa miyendo, ndinazindikira nditafika pa njinga.

Kwa a Gondwe ndinakachita malonda aakulu kuposa onse a moyo wanga, ndipo ndinali mbali yolakwika. Ndinanyoza katundu wawo womwe. Ndinati nthaka ija inamwa mafuta a ndege, fodya wake adzanunkha palafini ku okushoni. Ndinati ndi youma, idzathyola makasu. Ndinati anthu adzanena. A Gondwe anandisiya ndilankhule mpaka bodza linandithera, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Lakisoni, ndinakutuma kukagula, wabwera utagulidwa. Tandiuza zoona."

Ndinawauza zoona, chinthu chimene pa malonda sindichita kawirikawiri. Anatembenuzatembenuza chipewa pa bondo. Anali ndi ana kusukulu, ndipo malo aja anawagula ndi thukuta, sanawatole. Tinakambirana masiku atatu. Pomaliza tinagwirizana pa khonde la a Saidi, popanda pepala: bwalo likhale mpaka mwini chidendene adzagone, ndipo udzu wonse umene azitchetcha uzipita kwa a Gondwe kukaphimbira nazale ndi kufolera zigafa. A Yotamu anavomera, koma anawonjezera lamulo lakuti ngolo yodzatenga udzuwo iziima kunja kwa bwalo. Mwini malo anachita kupempha chilolezo cholowera pa malo ake. Kangachepe kanga kanathera pomwepo. Nditakumbutsa, a Gondwe anati ndikatenge kwa amene anandigula.

Mwana wobadwira m'njira uja akuchikazi anamutenga n'kumutcha Ndaziona. Anakula akumva kuti bambo ake anabweza ndege. Agogo ake anamwalira osawakhululukira a Yotamu, ndipo iwo sanadandaulepo za zimenezo. Ankati munthu amene unamugwetsa pansi pamaso pa anthu, mwana wake akufa, ali ndi ufulu wokusunga m'mtima mmene afunira. A Ndaziona anabwera koyamba pa bwalo ali mayi kale, mwana ali kumsana. Anandiuza okha kuti anabwera ndi mafunso okonzeka, koma bambo awo anangowauza kuti avule nsapato. Anayenda, anafika kumunsi, anadinda. Pobwerera anaona nsalu zija zili pa chingwe, zitafiira ndi fumbi, n'kunena kuti nsalu zotere munthu wa m'mwamba sangazione. Iwo amagwira ntchito yochapa pa sukulu ina pa Mtunthama. Kuyambira tsiku limenelo, mwezi uliwonse ankabwera kudzatenga nsalu n'kuzibweza zoyera mbee, zosita, zopinda ngati za pa guwa. Za tsiku lija sanakambiranenso.

Chaka chatha miyendo inayamba kuwakana. Kutchetcha anasiyira anthu a mpira, amene ankagwira ntchitoyo akulalatiridwa kuchokera pa mpando. Koma kuyenda kwa m'mawa sanafune kusiyira munthu. Ndinawapeza tsiku lina atakhala pa udzu, atayenda masitepe makumi awiri okha, akupuma ngati mvukuto.

"Ndikuyendereni ine, madala. Chidendene ndili nacho."

"Chanu n'chamalonda. Chinganene kuti pali bwino pofuna kusangalatsa kasitomala."

Tinayang'anizana, kenako tonse tinayang'ana wilibala. Tayala lake linali litaphwa, ndiye ndinakatenga lina ku shedi kwanga, labwino, limene ndinali nditasungira munthu wa ndalama. Ndinayala thumba m'katimo, ndinawanyamula, anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Mwendo wa kumanja unkalendewera kunja. Ine ndinkakankha, iwo ankawerenga, pa khumi paliponse ankati "imani", ndinkapendeketsa wilibala, chidendene chinkagunda pansi, ankati "tiyeni". Anthu opita ku minda ankaima kutiyang'ana. Wina anakuwa kuti Lakisoni wagula nkhalamba, akukaigulitsa pa kilo. A Yotamu anamuyankha kuti achoke pa bwalo, ndege ikutera, ndiyo ino. Tinachita zimenezi Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, masiku a msika, ine ndikuluza makasitomala. Ankandidzudzula njira yonse kuti ndimakhota.

Anamwalira m'mawa wina kukutentha, mvula isanayambe. Pa maliro panadza anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. A Saidi anakhala chapatali pansi pa muwanga, a Gondwe anabweretsa nkhuni pa ngolo n'kuimika kunja kwa bwalo monga mwa lamulo. A Ndaziona anapereka nsalu ziwiri zija kuti zipite ndi mwini wake. Amayi a mpingo, pofuna kulemekeza, anazitenga n'kuziyala pa bokosi mwaluso, ina m'litali, ina mopingasa, mtanda wokongola woyera. Nyimbo inayamba. Ine ndinaona kuti zalakwika, koma venda ndani angadzuke pakati pa nyimbo kukakonza mtanda wa amayi a mpingo?

A Ndaziona anadzuka. Anayenda mpaka pa bokosi, anagwada, anachotsa nsalu yopingasa ija n'kuiyala motsatana ndi inzake, chowongoka, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Mayi wina anafuna kuwagwira mkono.

"Pepani amayi," anatero chapansipansi. "Kwa bambo anga mtanda ndi woti bwerera. Asiyeni atere."

Abusa anali achilendo, sanamve tanthauzo lake, koma anaona nkhope za anthu n'kupitiriza pemphero. Apo ndi pamene ndinayang'ana wilibala ija, chifukwa ndinafunika poika maso.

Titatha kusesa, a Ndaziona ananditengera kuseri kwa nyumba. Panali makwerero, pampu ndi wilibala. Anati bambo ananena kuti a Venda akhala akuzifuna kwa nthawi yaitali, atchule mtengo. Ndinatsegula pakamwa, ine amene ndimatchula mtengo wa mbuzi ili kuseri kwa phiri. Koma ndinangoti ndidzabwera tsiku lina nditakonzeka bwino. Anaseka, anati bambo ananenanso kuti mudzatero.

A Gondwe anasunga pangano mpaka tsiku lake, anawonjezeranso milungu ingapo ya ulemu. Kenako anthu a ganyu analowa ndi makasu. Sindiwaimba mlandu. Malo ndi awo, ndipo anadikira kuposa mmene ine ndikanadikirira.

Ndinapitako dzana, mvula itagwa usiku ndi usana. Bwalo kulibe. Kuchokera pa muwanga kutsika, ndi mizere yokhayokha, fodya atawokeredwa kale, masamba anayi anayi, wobiriwira bwino, wosanunkha palafini ngakhale pang'ono. Mzati ukadalipo chifukwa unakana kuzuka, koma sokosi inatsala mphete yokha ndi ulusi wa a Saidi ukulendewera. Chingwe choyanikapo nsalu chili pomwepo, chopanda kanthu. Mbuzi zimene zinkadziwa malire zikudutsa paliponse.

Koma kumunsi, kumene kumatsetserekera ku dambo, mizere imangothera panjira. Pali malo aakulu ngati bwalo la tchalitchi amene sanalimidwe. Kapitawo wa a Gondwe anandiuza kuti makasu atatu anapindika pamenepo, thirakitala nayo inangokanda pamwamba, ndiye anapasiya. Madzi anali ndendende m'makwawa mbali zonse, achule akulira, koma ngalande ziwiri zija zinkayenda mwakachetechete kutsikira ku dambo. Panali akakowa atatu, mbalame zenizeni, akuyendayenda pa udzu umene wayamba kutalika.

Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali wondiona. Ndinavula nsapato. Ndinadinda ndi chidendene changa chamalonda, kamodzi, kawiri, ndi mphamvu zanga zonse. Nditachotsa phazi, pansi panalibe ngakhale chizindikiro.

Ndinati chamumtima: lero ndege ikanatera.